Nyanja ndi iyo pawindo, koma ndatopa nawo mzinda uno. Kodi ndi ine ndekha?

Nabanda, Durban:

Abale anga, funso ili ndalisunga mumtima miyezi ingapo, lero ndati ndingolitulutsa, oseka aseke.

Mwezi wa mawa ndikukwanitsa zaka 9 ndili ku Durban. Tsiku lomwe ndinafika sindimaliiwala. Basi itamaliza kutsetsereka mapiri a msewu wa N3, ndinangoona nyanja ili tantha kutsogoloku, sitima zapamadzi zili ndandanda kudikira kulowa padoko. Ndinadziuza kuti ine pano ndafika, sindidzasunthanso. Chaka choyambacho Loweruka lililonse ndinali pa gombe la Golden Mile, nsapato kumanja, mapazi m'madzi, zithunzi pa Facebook zili mbwee.

Dzana mwana wanga anandifunsa kuti, "Amama, kodi kunyanja tinapita liti?" Ndinayamba kuwerenga miyezi ndi zala, zala zinatha, ndinakafika pa 14. Chonsecho ndikaima pawindo la kukhitchini nyanjayo ndimaiona pakati pa nyumba ziwiri. Pagalimoto ndi mphindi 15 zokha.

Chimene chinayamba kundifoola ndi chinyezi. Dzuwa lokha ndikanapirira, koma kutentha kwa kuno n'kwa mtundu wina. Mu February umasamba, kudzipukuta bwinobwino, usanamalize kumanga mabatani a bulauzi thukuta layamba kale kuyenderera kumsana. Mnzanga wina namwino anandiuza kuti thukuta limaziziritsa thupi likamauma, ndiye mpweya ukakhala kuti wakhuta kale madzi a m'nyanja, thukutalo lilibe kolowera, limangokhala pakhungu noninoni. Usiku ndiye wosakamba. Nyanja imasunga kutentha kwa masana, makoma a konkire ndi phula nazo zimalavula kwawo, 2 koloko ya usiku uli gada pabedi maso ali gwa, fani ikungokubwezera mpweya wotentha womwewo. Ukagona choncho miyezi itatu umasanduka wolusa. Mwana ndimamukalipira pa zinthu zosayenera n'komwe, ndipo ndimadziwa kuti wolakwa ndi tulo.

Ndiye pali nguwi. Nsapato zachikopa ukazisiya m'kabati milungu itatu umakazipeza zavala ubweya wobiriwira. Lamba, chikwama, jekete yovala pa zochitika, ngakhale zithunzi za ukwati wanga zinamatana zokha mu alubamu. Khoma la kuseri kwa bedi ndimalitsuka ndi bulichi mwezi uliwonse, mwezi winawo labwerera bii. Mwanayu ali ndi mphumu, ndiye mungaganize nokha.

Chitsulo chilichonse kuno chili ndi masiku owerengeka. Loko wa pageti ndasintha kanayi. Mahinjesi a mawindo, zipi ya sutikesi, mapini a pulagi ya ketulo, zonse zili psuu. Nditafuna kugulitsa kagalimoto kanga, wogula woyamba sanafunse n'komwe za injini. Anangogwada, kusuzumira kunsi, n'kundifunsa kuti kakhala zaka zingati kugombe. Galimoto yonga yomweyo ya ku Johannesburg imagulidwa pa mtengo wabwino chifukwa choti sinapumepo mphepo yamchere.

Koma chimene chinandithyola mtima ndi April 2022. Mvula ya usiku wa pa 11 ija, anthu oposa 400 anapita. Ife nyumba inapulumuka, koma pampopi panali gwa kwa masiku ambiri, tinkathamangira thanki ya madzi ndi zigubu. Mayi wina amene ndimagwira naye ntchito, nyumba yake inatsetsereka ndi phiri, anatuluka ndi zovala za m'thupi zokha. Kuyambira pamenepo mvula ikangoyamba kulira padenga usiku ndimadzuka n'kukhala tsonga. Ndipo madzi aja atawononga mapaipi a suweji, zonyansa zinayamba kutsikira m'mitsinje mpaka m'nyanja, magombe ena n'kumatsekedwa chifukwa cha tizilombo toyambitsa matenda totchedwa E. coli. Ndiye taganizani: dzimbiri ndikulipira ine, lendi yokwera ndikulipira ine poti nyumba ili pafupi ndi nyanja, koma ndikafika kunyanjako ndikupeza chikwangwani choletsa kusamba.

December akafika magombe amadzaza alendo a tchuthi, piringupiringu, poimika galimoto palibe. Iwo sabata ziwiri n'kubwerera akuti tili ndi mwayi. Ine ndimangoti zikomo.

Inu amene mukukhala kapena munakhalapo m'mizinda ikuluikulu yotentha ya m'mbali mwa nyanja yamchere, kodi zimakuchitikiraninso? Kapena ndi ine wosayamika?

Phiri wa ku Miami:

Achemwali, si inu nokha, ndipo musadziimbe mlandu. Ndawerenga zanuzi ndikuseka ndekha, chifukwa mukangochotsa dzina la mzinda ndiye kuti mwalemba za kuno.

Ine ntchito yanga ndi yokonza nyumba zosanja, makamaka makhonde ndi zipilala za konkire, ndiye dzimbiri mukulinenalo ndi limene limandidyetsa. Loko wanu wa pageti ndi nkhani yaing'ono. Mchere umalowa mu konkire pang'onopang'ono mpaka kukapeza zitsulo zam'kati. Chitsulo chikachita dzimbiri chimatupa, chikatupa chimang'amba konkire kuchokera m'kati, madzi n'kupeza njira yokulirapo, basi zimangopitirira choncho. Kunja nyumba ili mbee ndi penti, ukagogoda ndi hamala ikulira ngati ng'oma. Chikomekome cha mkuyu chenicheni, kungoti nyerere zake ndi za mchere.

Mu June 2021 nyumba yosanja ya m'mbali mwa nyanja ku Surfside, pafupi ndi Miami, inagwa usiku anthu ali m'tulo, anafa 98. Zaka zitatu m'mbuyo mwake katswiri wina anali atalemba kale kuti konkire ya nyumbayo yawonongeka kwambiri. Chaka chotsatira Florida inakhazikitsa lamulo loti nyumba zakale za nsanjika zitatu kupita m'mwamba ziziyenderedwa ndi akatswiri, ndiponso eni ake azisunga ndalama zokwanira zokonzera. Lamulo labwino, sindikutsutsa. Koma ndaona ndi maso anga agogo amene anagula kafulati kawo kuti adzapumirepo ukalamba akulandira kalata ya ndalama zokonzera nyumba zoti sangazipeze ngakhale atagulitsa zonse za m'nyumbamo. Amatiyang'ana ife okonzafe ngati ndife tabweretsa mcherewo.

Onjezanipo inshuwaransi. Chiyambire namondwe Andrew mu 1992 makampani a inshuwaransi amaliopa dera lino, ndipo zaka zapitazi angapo anagwa, ena anangolongedza n'kuchoka. Otsalawo akhala akukweza mitengo. Wa lendi asaganize kuti sizikumukhudza, eni nyumba amangozithira pa lendipo. Nyengo ya anamondwe imayamba pa 1 June mpaka pa 30 November, theka la chaka lathunthu maso ali pa mapu a zanyengo. Mu 2017, kukubwera namondwe Irma, anthu oposa 6 miliyoni anauzidwa kuti asamuke. Florida ndi yaitali ngati chala, njira yothawira ndi yolowera kumpoto basi, ndiye tonse tinakumana pamsewu umodzi, mafuta atatha m'mafilingi siteshoni. Ndinagona m'galimoto ndi ana awiri. Namondweyo anakhotera kumadzulo pang'ono, tinabwerera n'kupeza nyumba ilipo, koma mayi a kunyumba kuyambira tsiku limenelo nkhani yawo ndi yosamuka.

Chimene alendo sachikhulupirira ndi madzi osefukira kopanda mvula. Cha mu October nyanja ikakwera kwambiri, madzi amchere amatulukira m'ngalande za m'misewu kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Mu 2016 m'malo oimika magalimoto a nyumba ina ku Miami Beach anapezamo octopus, kanyama ka m'nyanja ka miyendo 8 kaja, kali phee pasimenti. Kumanga khoma sikuthandiza kwenikweni, chifukwa mwala wa pansi pa mzinda uno ndi wa mabowomabowo ngati siponji, madzi amadzera pansi. Akweza misewu ina, aika mapampu, koma msewu ukakwera madzi amathamangira pakhomo pa amene watsala m'munsi.

Ndipo olemera azindikira. Madera monga Little Haiti, amene kale ankanyozeka poti ali kutali ndi gombe, ali pamtunda pang'ono, ndiye tsopano ndi amene akusakidwa ndi omanga nyumba zodula. Osauka anakanizidwa gombe, lero akulandidwanso chitunda.

Ine nyanja ndimaiona tsiku lililonse, ndili pa makwerero nsanjika ya 20, chisoti kumutu. Kuviikamo phazi ndiye sindikumbuka.

Chimwemwe, Dar es Salaam:

Asisi, za chinyezi ndi nguwi sindiwonjezerapo, mwamaliza. Ine changa ndi msewu.

Ndinakhala nthawi yaitali ndikudabwa kuti bwanji mizinda ya kugombe imathinana chonchi, mpaka tsiku lina ndili pa mdipiti wa magalimoto pa Morogoro Road ndinatsegula mapu pafoni chifukwa chosowa chochita. Mzinda wa kumtunda umakula mbali zonse, ngati madzi otayikira pansi. Wa kugombe theka lake ndi nyanja. Doko lili pagombe, maofesi akale anamangidwa pafupi ndi doko, ndiye m'mawa aliyense akuthamangira kumphepete kumodzi, madzulo onse akubwerera njira zomwezo. Misewu ikuluikulu yolowa m'tauni kuno mukhoza kuiwerenga ndi dzanja limodzi, pomwe kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 5 miliyoni. Malole ochokera padoko nawo ali momwemo. Achimwene a ku Miami anene ngati ndikunama, kwawoko mbali ina ndi nyanja, mbali ina ndi dambo la Everglades, mzinda unachita kutalika ngati lamba. Mumbai ndiye anachita kukhala pa kachilumba kosongoka, Lagos anthu amadalira milatho yowoloka nyanja yaing'ono ya m'kati mwa mzindawo.

Mabasi othamanga a mwendokasi atayamba mu 2016 tinapumako, sindikana. Koma mvula ya masika ikagwa, kuyambira March mpaka May, mtsinje wa Msimbazi umadzaza, pa Jangwani madzi n'kudutsa pamwamba pa msewu, mzinda wadukiratu pawiri. Ndinayendapo wapansi kuchokera m'tauni mpaka ku Magomeni nsapato zili m'chikwama, thalauza nditapinda m'maondo.

Ndimadzuka 4:30 kuti 8 koloko indipeze pantchito. Kubwerera ndimafika kwada. Loweruka ndi lochapa, Lamlungu thupi limakana lokha. Kamphepo kayaziyazi ka kunyanja kamene amakanena m'zotsatsa malonda kamathera ku Masaki ndi Oyster Bay, kwa ife a ku Kimara kamafika katatopa kale. Ndiye wina akandiuza kuti "mukunjoyatu kugombeko" ndimafuna ndimufunse kuti gombe lake liti.

Chinanso, udzudzu wa kuno sudziwa nyengo, poti kulibe chisanu choti chiuthe. Mu 2019 ndinagwidwa ndi matenda a dengue, ofalitsidwa ndi udzudzu, pamodzi ndi anthu ambiri mumzinda muno. Ndinkaganiza kuti ndi malungo, ndinayezetsa, alibe. Mafupa ankaphwanya ngati andimenya ndi mpini. Udzudzu wake umaluma masana, ndiye neti yogonamo sikutchinjiriza, ndipo umaswana m'madzi oyera a m'matayala akale ndi m'ndowa zosavindikira, zomwe tonse timasunga chifukwa pampopi sipadalirika.

Boma la kuno linasamukira ku Dodoma. Indonesia nayo mu 2019 inalengeza zochotsa likulu ku Jakarta, mzinda umene mbali yake ya kumpoto ikutitimira chifukwa chopopa madzi apansi mopitirira. Akuluakulu amatha kunyamuka. Ine ntchito yanga imadalira doko, ndipita kuti?

Agogo Mbewe, Durban:

Mwana wanga Nabanda, ndakumva, ndipo za 2022 sindingakutsutse, ndinaika maliro a anthu owadziwa. Koma undilole nkhalamba ndinene mbali inayo.

Ndakhala mumzinda womwewu zaka zoposa 30. Ndaona anthu ambiri akulongedza ndi mawu ngati akowa, kupita ku Johannesburg. July woyamba akuimba foni, milomo yang'ambika, madzi aundana m'paipi, akufunsa ngati kuno kukadali kofunda. Angapo anabwerera. Wanena za February, bwanji sunanene za June ndi July, pamene ife tikuyenda ndi malaya a manja aafupi kumwamba kuli mbee, nsomba za sardine zikudutsa m'gombe la kumwera anthu n'kumatola ndi mabeseni? Walira mvula walira matope. Madzi ofunda oyenda m'nyanjamu, otchedwa Agulhas, amene amatipatsa chisanu chokomachi ndi omwewo amatinyowetsa m'chilimwe.

Ine mmene ndaonera, chimakutopetsani ana inu si nyanja ayi. Ndi ntchito yolowa kusanache n'kutuluka kutada, ndi malipiro osakwera pomwe lendi ikukwera. Zimenezo ukazipeza kulikonse, kungoti kwinako sudzakhala ndi nyanja yoikwiyira. Ine 5 koloko m'mawa ndimakhala ndili pagombe ndi mbedza yanga, ndipo anthu amene ndimakumana nawo nthawi imeneyo sindinamvepo mmodzi akuti watopa ndi mzinda uno.

Za loko, gula wa mkuwa, uzimuthira kamafuta. Kabati usamatseke.

Nabanda, Durban:

Zikomo nonse, sindinayembekezere kuti mulemba zambiri chonchi.

Achimwene a Phiri, mwandiopseza. Nyumba yomwe ndimachita lendiyi ndi ya nsanjika zinayi, yakalekale, ndipo pakhonde langa pali mng'alu umene pakutuluka madzi ofiirira. Ndinkangoti ndi penti yatha. Ndawajambulira eni nyumba, ayankha kuti adzaona. Mawu amenewo anandiuzanso za denga chaka chatha.

A Chimwemwe, za theka la mzinda zija sindinaziganizirepo, koma n'zoona. Kuno mapiri ndiye amawonjezera, malo athyathyathya ndi kachigawo kochepa ka m'mbali mwa nyanja, kotsalako anthu amamanga pa zitunda zotsetsereka ndi m'zigwa za mitsinje, ndipo ndi komwe kunafa anthu ambiri chaka chija. Dothi lake lofiira lija likakhuta madzi limangoyenda.

Agogo, ndagwada, mwanena zoona zambiri. July wa kuno ndi wokoma, ndipo ndikachoka ndidzamulira. N'zoonanso kuti kutopa kwanga kwina ndi kwa ntchito. Koma pamodzi pokha ndikupemphani mundimvetse. Inu munagula nyumba kale mitengo isanapenge, ana anakula, m'mawa ndi wanu. Anthu amene mumakumana nawo pagombe 5 koloko ndi amene ali ndi 5 koloko yoti apite nayo kugombe. Ine nthawi imeneyo ndikusita yunifomu ya mwana, imene ndinachapa Lamlungu koma Lachiwiri ikadali yonyowa. Ndipo sindikuvomera kuti zonse n'chimodzimodzi kulikonse. Lendi yokwera iliko kwina, inde, koma kwinako sagula firiji yachitatu m'zaka 9 chifukwa kumbuyo kwake kwadyeka, sagula mankhwala a mphumu chifukwa cha khoma, sayatsa fani usiku wonse magetsi n'kumathera pamenepo. Nyanjayi ili ndi msonkho wake, umene ulibe lisiti, ndipo tonse timaupereka mofanana, wopitako tsiku lililonse ndi ine wa miyezi 14.

Ndinakayang'anako nyumba ku Kloof ndi ku Hillcrest, poti ndi kumtunda ndipo usiku kumazizira bwino. Ndinapeza kuti kumeneko nkhungu imagona pakhomo, nsapato zimachita nguwi chimodzimodzi, ndiye uwonjezepo kutsika Fields Hill m'mawa uliwonse pakati pa malole. Ndinabwerako ndili chete. Pangano la lendi likutha mu March, fomu yowonjezera chaka china ili pamwamba pa firiji sabata yachitatu tsopano, sindinasaine.

Komabe mawu anu ndinawamvera, agogo. Lamlungu lapitali ndinamudzutsa mwana kusanache, tinayamba taona pa intaneti ngati gombe lili lotsegula, tinapita. Dzuwa linatuluka m'madzi lili psuu, iye anasambira mpaka milomo kunjenjemera, ine ndinakhala pamchenga osaganiza kalikonse kwa ola lathunthu, zomwe sizinandichitikire chaka chino. Mwina ndinakuonani, panali madala atatu ndi mbedza zawo.

Pobwerera loko wa pageti anakana kutseguka. Kiyi inathyokera momwemo, tinaima panja ndi matawulo onyowa mpaka aneba anabwera ndi hamala. Wa mkuwa munanena uja amagulitsa m'mashopu a zitsulo wamba, kapena ndikafunse kwa ogulitsa zipangizo za maboti?